Timitsuko ta Pakhonde

Bambo anga anali wometa, ndipo malo awo ometera anali pakhonde la nyumba yathu yomwe: mpando umodzi wachitsulo wozungulira, galasi long'aluka pakona, ndi benchi la odikira. Koma mukafunsa anthu a mumsewu wathu za iwo, palibe amene angayambe ndi za tsitsi. Onse amayamba ndi chomera chija.

Chinali chomera choyanga, cha masamba aatali osalala. Kunsonga kwa tsamba kunkatuluka kachingwe, ndipo kumapeto kwa kachingweko kunkalendewera kamtsuko, kobiriwira kumunsi, kofiira kukamwa, kokhala ndi kachivindikiro kake pamwamba. M'kati munkakhala timadzi. Ntchentche ikabwera kudzanyambita zotsekemera za pamlomo pa kamtsuko, inkaterera n'kugwera m'kati, ulendo wake n'kuthera pomwepo. Kunena mosapsatira, chomeracho chinkadya nyama. Bambo anachipempha kwa kasitomala wina wogwira ntchito kogulitsa maluwa, amene ankapita kukachitaya poti chinakana kukula. Apo n'kuti ine ndisanabadwe. Pamene ndinkayamba sukulu chinali chitakwera mzati n'kuyanga pamawaya onse a kudenga la khonde, moti munthu akapendeketsa mutu kuti ametedwe ndevu ankangoona timitsuko tili lendelende pamwamba pake. Anthu anaiwala dzina la bambo. Anangokhala a Mitsuko.

Amayi anali namwino mu wodi ya ana, ndipo chomeracho ankachitchula kuti mkazi mnzawo.

“Chakudya chazizira,” ankatero ataima pakhomo, manja m'chiuno. “Kapena mkazi mnzangayo wakuphikirani kale?”

“Ndikubwera, a nesi. Taonani kaye kamtsuko aka kukongola kwake.”

“Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.”

“Nyerere zake n'zakufa, a nesi, sizingakulumeni.”

Odikira pabenchi ankafa nacho chiseko, ndipo ine ndinakula ndikuganiza kuti banja lililonse limacheza chotero.

Chomeracho chinali ndi malamulo ake, ndipo bambo ankawasunga kuposa a kutchalitchi. Sichinkafuna dothi, koma makoko a kokonati oduladula, timakungwa ndi timakala. Sichinkafuna manyowa kapena fetereza. Dzuwa chinkafuna la m'mawa lokha. Madzi chinkamwa amvula basi, a pampopi ayi. Pakona pa nyumba panali mgolo wabuluu wolandira madzi a padenga, wovindikira bwino, wokhala ndi kampopi kumunsi, ndipo mgolo umenewo unali woyera kuposa guwa. Ndimakumbukira chilimwe china mipopi itauma sabata yathunthu. Ine ndi achimwene tinkayenda mtunda ndi zidebe kukapempha madzi, mgolo uli tho pakhomo. Ndinkaudutsa ndikuutukwana chamumtima. Amayi sankatukwana chamumtima, ankanena mokweza kuti msewu wonse umve.

“Chomera ichi n'cha kuumphawi,” bambo ankauza makasitomala amene ankapempha kanthambi. “Kwawo chinazolowera kusowa. Mukachikomera mtima kwambiri, chikufa.” Anthu ankavomera ndi mutu, n'kupita kukachibzala m'dothi lakuda la m'dimba lawo. Palibe ndi mmodzi yemwe amene chinamumerera. Cha pakhonde pathu chinakhalabe chokhacho.

Bambo anamwalira nyengo yozizira, atadwala miyezi ingapo. Mpando wozungulira uja tinapatsa wometa wina, galasi linagwa lokha tsiku lina, koma chomeracho chinapitiriza kutulutsa timitsuko ngati sichinamve uthenga. Amayi ankachithirira. Ndikawafunsa ankati, “Ndimangothira kuti anthu asandinene kuti ndinapha mkazi mnzanga maliro atangotha.”

Chaka chotsatira amayi anaterera m'bafa n'kuvulala m'chiuno. Kukhala okha sikunathekenso. Ine ndi achimwene tinagwirizana kuti abwere kwa ine, nyumba igulitsidwe, ndipo amene anaigula ananeneratu kuti khonde aligwetsa, pamangidwe timashopu. Ine ndimakhala pamwamba m'nyumba yosanja, zipinda ziwiri, zenera limodzi lokha loona kum'mawa. Chomera chodzaza khonde lonse ndikanachiika pati? Tsinde lake linali litauma ngati chingwe chakale, litapotana ndi mawaya, losatheka kulimasula. Njira inali imodzi: kudula tinthambi, timere mizu kwanga.

Ndinadula ndi lumo la bambo, tsiku losamuka, katundu ali kale pagalimoto. Ndinali nditawaonerera kambirimbiri ndili mwana, ndipo manja anga ankakumbukira zimene mutu unaiwala. Umadula pansi pa mfundo. Tsamba lililonse umalidula pakati kuti lisamamwe madzi ambiri. Timitsuko tonse umachotsa, ngakhale tikongole bwanji. Pamenepo ndi pamene panandivuta. Ndinaima ndi kamtsuko kakakulu kofiira m'manja, timadzi tikuchucha m'zala, ndipo ndinamva fungo la khondelo monga linalili kale: sipiriti, sopo wa ndevu, tsitsi lonyowa, ndi wailesi ikulira chapansipansi. Ndinalira ngati mwana, ndisaname. Ndinatenga tinthambi tisanu ndi zigubu ziwiri za madzi a mumgolo.

Amayi anali atakhala kale kutsogolo kwa galimoto, ndodo ili pamiyendo. Sanacheuke kuyang'ana khonde.

“Watenganso mkazi mnzangayo?” anafunsa.

“Ana ake okha.”

“Ana a mitala. Ndinadziwa kuti ndidzathera kulera amenewo.”

Kwanga ndinaboola tizitini ta majarini kunsi, ndinaikamo makoko, ndinazika kanthambi kamodzi m'katini kalikonse, n'kuvindikira ndi matumba apulasitiki oonekera kuti chinyezi chisathawe. Ndinatindandalika pazenera lija. Mpando wa amayi unalinso pomwepo, poti ndi pokhapo pamene munthu angaone kunja. Anyamata awiri anachita kuwanyamula pokwera masitepe tsiku limenelo, ndipo atangofika pamwamba amayi analengeza kuti sadzatsikanso mpaka tsiku la bokosi.

“Amayi, tinthambi iti musatikhudze. Timafuna kungotisiya.”

“Ndikhudziranji ine? Ndilibe ntchito?”

Ntchito analibedi. Munthu amene moyo wake wonse anathamanga pakati pa mabedi a ana, tsopano ankangokhala kuyambira m'mawa mpaka ine kubwera kuchokera kushopu yanga yosokera. Ndinkawapeza pomwe ndinawasiya, akuyang'ana madenga a anthu kudzera pawaya wotchinga udzudzu.

Masiku oyamba tinthambi tinalefuka, masamba n'kugwa mapewa. Sindinade nkhawa, poti bambo ankati kanthambi kamayamba kalira mayi wake kasanaganize zomera mizu. Koma patapita milungu ingapo kamodzi kanada kuyambira kumunsi, kudako n'kukwera mpaka kunsonga. Nditakazula kanali kofewa, konunkha. Kachiwiri kanatsatira. Ndinasuntha tizitini kuti mwina dzuwa lachuluka. Ndinatibwezanso kuti mwina lachepa. Ndinaboola matumba, ndinawatsekanso. Pamwamba pa makoko panayamba kuoneka zoyera ngati phulusa, ine n'kumati ndi nkhungu, n'kumazipala ndi chala.

Achimwene ataimba foni ndinawadandaulira. Anati, “Mlongo, n'chomera chabe chimenecho. Ugule china.” Ine mtima wanga ndi wapachala, ndinatengera amayi, ndiye ndinadula foniyo osatsanzika. Kugula china kuti? Ndipo ngakhale chikanapezeka, sichikanakhala chimenechi. Zovala za bambo tinagawa, zida zawo tinagawa, mawu awo ndinali nditayamba kuwaiwala. Mwa zonse zimene manja awo anasamala, chamoyo chinatsala ndi ichi chokha, kupatula ife ana.

Tsiku lina ndinatsika minibasi pamsewu wathu wakale, ndili ndi maganizo okadulanso tinthambi tina. Ndinachedwa. Khonde panalibe. Panali maenje a maziko ndi mulu wa njerwa zoswekasweka, ndipo pamwamba pa muluwo panali chomera cha bambo, chitazulidwa pamodzi ndi mawaya ake, chitauma gwa. Timitsuko tinali titafota ngati zikopa zakale. Ndinasanthula paliponse kufuna mfundo imodzi yobiriwira. Sindinaipeze. Zengerezu adalinda kwawukwawu, ndipo ine ndinali nditazengereza. Nditafika kunyumba ndinapeza kanthambi kachitatu kada.

Sindinawauze amayi za khonde. Anangondiyang'ana m'maso n'kunena kuti, “Agwetsa eti?” Ndinavomera ndi mutu. Anatembenukira kuzenera, kumene kunatsala tizitini tiwiri.

M'mawa wina ndili kale pansi ndinakumbukira kuti ndasiya diresi la kasitomala pabedi. Ndinakweranso ndikung'ung'udza, ndinatsegula chitseko, ndipo ndinaima. Amayi anali chiimire pazenera, chiuno atatsamira kukhoma, ndodo ili pansi. Thumba la katini kamodzi anali atavula. Dzanja lina linagwira kapu, lina kasupuni. Ankatunga pang'ono, n'kuthira patsinde pa kanthambi, n'kudikira kuti zilowe, n'kutunganso. Milomo yawo inkayenda ngati akunyengerera munthu. Sanandimve.

“Amayi, mukutani?”

Anadzidzimuka, kasupuni kanagunda kapu. “Palibe. Ndikungoona.”

Ndinawalanda kapuyo n'kulawa. Mchere ndi shuga. Madzi omwe aja amene ankatimwetsa tikatsegula m'mimba, amene ankaphunzitsa amayi a ana kuchipatala, osachulukitsa mchere, osachepetsa shuga. Ndinayang'ana zoyera zija pamakoko, ndipo zonse zinandilowa m'mutu nthawi imodzi.

“Kuyambira liti?”

“Kuyambira pamene tinalefuka.”

“Tonse?”

“Ndikanasankha? Wodwala sasankhidwa.”

“Amayi, mchere umaotcha mizu. Chomera ichi ngakhale madzi a pampopi chimakana, inu mukuchipatsa mchere? Mwatipha ndinu. Tonse titatu mwatipha ndinu, ine ndikuvutika kusuntha tizitini ngati wamisala.” Ndinalankhula zambiri. Ndinati zaka zonse zija ankachida, tsopano apeza mpata. Pakamwa pakatentha sipasankha mawu.

Amayi anafufuza mpando ndi dzanja n'kukhala pang'onopang'ono. Sanakalipe, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa kukalipa.

“Madzi ake ndi amvula omwewo,” anatero. “Ndimatunga m'chigubu mwakomo. Lamulo la bambo ako ndikulidziwa, ndinagona nalo zaka zonse. Koma amvula okha ndi a wathanzi. Wodwala ndi nkhani ina. Iwe ukapita kuntchito ine ndimatsala nato pano. Masamba ali lefu, khosi lagwa, ngati mwana amene wafika naye mayi wake mochedwa. Ndizingoyang'ana? Ana angati ndawadzutsa ndi kasupuni aka, ena maso atalowa kale m'kati?”

“Koma awa si ana, amayi.”

“Ndikudziwa kuti si ana.” Anapukuta kasupuni ndi nsonga ya nsalu yawo. “Bambo ako masiku omaliza ankakana chilichonse. Iwe unkabwera madzulo, unkawapeza atagona, sunaone. Ndinkawafikitsa supuni pakamwa, iwo n'kutseka mano, n'kutembenukira kukhoma. Ndinkawanyengerera, ndinkawakalipira, ndinkawagwadira. Ine amene ndamwetsa ana a eni ake osawerengeka, wanga mmodzi anandikanika. Anapita pakamwa pali pouma, mwanawe.” Analoza tizitini ndi kasupuniko. “Iti sitikana. Ndikathira timamwa.”

Mkwiyo wonse unaphwa, ndinatsala ndi manyazi ndi chisoni. Ndinakhala pansi pafupi ndi mapazi awo, kapu ili m'manja. Tinakhala choncho nthawi yaitali, diresi la mwini wake lili pabedi.

“Ndiye ndapha,” anatero kenako.

“Tatsala tiwiri.”

“Tingachire?”

“Sindikudziwa. Tiyenera kutsuka mchere wonse, tisinthe makoko.”

Ndinanyamula zigubu. Chimodzi chinali chouma, chinacho munali madzi osadzaza ndi kapu yomwe. Kunja kunali chilimwe chenicheni, kumwamba kuli mbee, mvula ili kutali. Ndinatenga chigubu chopanda kanthucho n'kukakwera minibasi.

Kunyumba yakale makoma a timashopu anali atafika m'chiuno. Mgolo wa bambo anali ataukankhira kuseri, ndipo amisiri ankatsegula kampopi kake posamba m'manja. Ndinaugogoda. Unalira ngati ng'oma. Kapitawo wawo, bambo wamtali wa imvi za simenti m'tsitsi, anabwera kudzafunsa chimene ndikufuna pamalo a ntchito.

“Madzi a mumgolomu, bambo. Ngati atsalamo.”

“Mpopi uli apo, mayi, tungani mmene mungafunire.”

“A pampopi ayi. Amvula.”

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako nkhope yake inamasuka. “Ndinu mwana wa a Mitsuko inu.”

“Ndine.”

“Anandimetapo ine ndili kamwana. Ndinkaopa makina, ndinkalira msewu wonse kumva. Ndiye ankandipendeketsa mutu n'kunena kuti, yang'ana kumwamba, undiuze kamtsuko kamene kagwire ntchentche poyamba. Ndikamayang'ana, mutu watha kale.” Anakanda m'khosi, maso ali ku mulu wa njerwa. “Tsiku lozula ndinauza anyamata kuti azule okha, ine ndinapita kukagula misomali. Pepani, mayi. Ntchito ndi ntchito.”

Anapendeketsa mgolo yekha, ine nditatchera chigubu kukampopi. Madzi anatuluka pang'onopang'ono, oyera, ozizira, onunkhira malata ndi masamba monga ankanunkhira kale. Chigubu chinafika pakati n'kulekeza. Anali madzi omaliza a denga la nyumba imene ndinabadwiramo, ndipo ndinawanyamula pamiyendo ulendo wonse ngati khanda.

Tinagwira ntchitoyo awiri, pasinki. Amayi anagwira tinthambi ndi manja aunamwino aja, osanjenjemera, ine ndikuthira madzi pang'onopang'ono. Kamodzi kanali katayamba kale kuda kumunsi. Kenako kanali kobiriwira, kopanda muzu ndi umodzi womwe, koma kolimba. Tinataya makoko akale, tinatsuka tizitini, tinazika mwatsopano. Koyamba kaja sikanathe sabata. Kanatsala kamodzi.

“Tsopano ndizitani?” amayi anafunsa.

“Palibe.”

“Palibe bwanji?”

“Osavula thumba. Osathira kanthu. Osakazula kuti muone mizu. Kungokasiya.”

“Umenewo si unamwino. Kumeneko n'kutaya wodwala.”

“Kuona maso a nkhono n'kudekha, amayi.”

“Miyambi uziuza makasitomala ako.”

M'mawa mwake ndikutuluka anandiitana. Anatulutsa kasupuni kaja m'thumba la juzi n'kundipatsa. “Pita nako kuntchito. Ndikudzidziwa.”

Ndinakasunga m'kabati ya mabatani, ndipo tiyi wa kunyumba tinkatakasa ndi mpeni.

Miyezi imeneyo inali yaitali. Kanthambi sikankafa, sikankakula, kankangokhala m'thumba mwake ngati munthu wokwiya. Amayi ankakhala pambali pake manja atawapana pakati pa mawondo. Ndikabwera madzulo ankandipatsa lipoti ngati akusinthana ndi namwino mnzawo: “Sikanasinthe. Thukuta m'thumba lilipo. Mtundu uli bwino.” Ndipo poti manja anali omangidwa, pakamwa panamasuka. Anayamba kundiuza za bambo zimene sindinkazidziwa. Anati atangokwatirana, chomeracho chili kakang'ono, bambo ankachilowetsa kuchipinda nyengo yozizira n'kuchiika pampando, iwo n'kumasowa poika yunifolomu. Anati tsiku lina akuchokera kuntchito atamwalira mwana wodwala amene anamulimbikira kwambiri, sanathe kulowa m'nyumba, anangokhala pabenchi la odikira. Bambo sanawafunse kanthu. Anawakhazika pampando wozungulira uja, anawapendeketsa mutu, n'kuwapesa tsitsi mpaka kulira kunatha.

“Ndinkangoona timitsuko take tili pamwamba panga,” anatero. “Tsiku limenelo ndinaona kuti n'tokongoladi. Koma sindinawauze. Akanadzimva.”

Madzi a m'chigubu ndinkawathira ngati mankhwala a m'maso, ndipo anatifikitsa kunyengo ya mvula. Mvula yoyamba ndinaisiya itsuke fumbi, yachiwiri ndinakwera padenga ndi mabeseni onse a m'nyumba, aneba akundiyang'ana ngati ndazungulira mutu. Mwana wa a Mitsuko sachita manyazi ndi zimenezo.

Anayamba kuona ndi amayi. Pamfundo yapamwamba panatuluka kanthu kobiriwira, kosongoka, kochepa ngati njere ya mpunga. Anandiimbira foni ndili pamakina, chinthu chimene sankachita. “Wodwala wathu watsegula maso,” anatero, n'kudula.

Kanatulutsa tsamba, kenako lina. Tinayamba kumasula thumba pang'onopang'ono kuti kazolowere mpweya wa m'nyumba. Koma tizingwe ta kunsonga kwa masamba tinkangouma tisanatupe. Mpweya wa pamwamba ndi wouma, si wa pakhonde pamene bambo ankawaza madzi pansi m'mawa uliwonse. Ndinaika katini pambale ya timiyala tonyowa, ndipo amayi ndinawalola ntchito imodzi, yowaza masamba ndi madzi amvula. Anaigwira ngati alembedwa kumene. Tsamba lachinayi kachingwe kake sikanaume. Kanatalika, kanapindikira m'mwamba, nsonga yake inayamba kutupa. Kanali kathyathyathya poyamba, kenako kanafufuma, kanayamba madontho ofiira. M'mawa wina tinapeza kachivindikiro katatseguka. Kamtsuko kake kanali kosaposa chala changa chaching'ono, koma kanali ndi zonse: mlomo wofiira wonyezimira, timadzi pansi, mtundu womwe uja wa pakhonde. Ndinaseka, ndinalira, ndinachedwa kuntchito.

Amayi anavala magalasi n'kusuzumira m'kati nthawi yaitali.

“Mulibe kanthu,” anatero.

“Kangotseguka kumene.”

“Ndiye kadya chiyani? Muno ntchentche ilowera pati, mazenera onse waya? Pansi umakolopa ndi mankhwala, nyerere ndi imodzi yomwe sindinaionepo.”

“Sikangafe ndi njala. Kungoti kakapeza kachilombo kamakula msanga. Kanyerere kamodzi mwa apo ndi apo, basi. Ndidzakatolera Loweruka.”

Ndinanena ndikuvala nsapato, osaganizira.

Madzulo ake ndikulowa pachipata ndinaona aneba awiri ataima pansi pa masitepe, akuyang'ana m'mwamba. Ndinawadutsa mothamanga. Amayi anali pokhotera poyamba, atakhala pasitepe, akupuma mwamphamvu, nsalu ili ndi fumbi m'mawondo. Ndodo inali pambali. M'dzanja anafumbata kabotolo ka mapiritsi awo.

“Amayi, mwatsika nokha? Mukanagwa?”

“Kutsika sikunavute. Kukwera ndiye kwandikanika.” Anakweza kabotoloko kuti ndione. Mapiritsi anali atawakhuthula, ndipo m'kati munkayenda nyerere zitatu. “Zili pansi pa mtengo uja wa pachipata. Zimathamanga, iwe. Ndachita kugwada.”

Ndinafuna kukalipa, koma ndinadziletsa. Ndinalowetsa phewa langa m'khwapa mwawo ndipo tinakwera, sitepe imodzi, kupuma, sitepe ina. Kabotolo anakana kundipatsa. Titalowa m'nyumba sanafune madzi, sanafune kukhala. Analunjika pazenera, anatsegula kabotolo, n'kuima. Anandiyang'ana monga mwana amayang'anira mphunzitsi.

“Tsopano ndingapereke?”

“Imodzi yokha.”

Anagwedezera nyerere imodzi pachala, n'kufikitsa chalacho pamlomo pa kamtsuko, pang'onopang'ono, dzanja lina litatchinga kunsi kuti isagwe. Anawerama mpaka mpweya wawo unagwedeza tsamba.

“Idyani, bambo,” ananong'ona. “Pang'ono pokha.”

Nyerere inatsika pachala, inayenda pamlomo wofiirawo, inaima kunyambita, inaterera, n'kugwera m'kati. Amayi anakhala chiweramire kanthawi. Atadzuka anatembenukira kwa ine, misozi ikutsika pansi pa magalasi.

“Alandira,” anatero.